Mutu 5: Nambala ya a Mateus

1. Ntchito ya Guilhermina

Chaka cha 2011 aliyense ku Tete ankalankhula za malasha. Magalimoto oyera okhala ndi timbendera ankawoloka mlatho wa Zambezi tsiku lonse kupita ku migodi ya ku Moatize. Nyumba zinakwera mtengo. Nyama ya mbuzi inakwera mtengo. Amuna ankabwera kuchokera kulikonse, mapepala awo atawakulunga m'mapulasitiki kuopa thukuta.

Guilhermina anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anapeza ntchito mu ofesi ya a Reginaldo m'dera la Francisco Manyanga. Ofesiyo inali chipinda chimodzi, matebulo awiri ndi chokupizira mphepo chimene chinkangotembenuza kutentha.

A Reginaldo ankapezera makampani antchito. Kampani ikafuna amuna okumba ngalande kapena onyamula zitsulo, iwo ankalemba mayina, kampani n'kusankha, ofesi n'kuitana osankhidwawo.

Kuitanako sikunali kwa kalata. Pa tebulo la Guilhermina panali kompyuta. M'mbali mwake ankalowetsamo modemu, kachipangizo kotalika ngati chala, kokhala ndi kakhadi ka foni m'kati. Iye ankalemba uthenga kamodzi. Kompyuta inkaikamo dzina la munthu aliyense, modemu n'kumatumiza umodziumodzi ku mafoni awo. Kanyali kake kakaphethira, ndiye kuti uthenga wapita.

Masiku ena ankatumiza mauthenga a masitolo: simenti yafika, zipinda zogona zilipo, matayala atsika mtengo. Ntchitoyo ankaidziwa bwino, ndipo a Reginaldo sankabisa kuti popanda iye modemuyo inali chidole. Ankamuitana menina, kutanthauza mtsikana.

Koma mu ofesimo munalibe wodziwa kuti Guilhermina ndi wa ku Tsangano, kumapiri. Tsiku loyamba a Reginaldo ananena pamaso pake kuti anthu a kumapiri amadziwa khasu ndi kachewere basi. Atamufunsa kwawo, anayankha m'Chipwitikizi chosalala kuti anabadwira ku Matundo, kutsidya kwa mtsinje. Kuyambira pamenepo Chinyanja ankachisiya pa mlatho m'mawa, n'kuchitola madzulo pobwerera.

2. Azakhali achenjeza

Ku Matundo ankakhala ndi azakhali ake, a Felícia, amene ankagulitsa kachewere pa msika. Lachitatu m'mawa anawapeza pakhonde akusankha wowola m'thumba.

Onse awiri ankadziwa chimene ankadikira. Miyezi iwiri yapitayo anthu a ofesi ya a Reginaldo anapita ku Tsangano kukalemba amuna ofuna ntchito, ndipo mchimwene wake wa Guilhermina, Moisés, analembetsa. Moisés ndiye anasiya sukulu bambo awo atamwalira, n'kugwira khasu kuti mlongo wake apitirize.

“Taima kaye, Gilimina,” anatero azakhali osatukula mutu. “Ndamva pa msika kuti mayina atuluka sabata ino.”

“Mwina lero, azakhali.”

“Ndiye tamvera, ndilibe nthawi yobwereza. Kuno aliyense ali ndi foni yake m'thumba, ena ziwiri, ngati ali ndi makutu anayi. Kwathu si choncho, ndipo ukudziwa. M'mudzi mwathu foni yodalirika ndi imodzi, ya a Mateus a golosale. Ndiwo ali ndi sola yotchajira, ndipo ndi pakhomo pawo pokha pamene foni imagwira. Anthu ako aja atabwera ndi mapepala, amuna asanu ndi anayi analembetsa, ndipo onse anapereka nambala ya a Mateus. Akanapereka iti?”

Anaponya kachewere wowola m'ndowa.

“Ndiye ukaona nambala imodzi italembedwa kambirimbiri, usaganize kuti ndi wakuba mmodzi. Kumbuyo kwake kuli amuna ambiri, akazi awo ndi ana awo. Uthenga ukafika, a Mateus amawerenga dzina n'kukuwa kudimba kuti mwini wake abwere. Dzina likapanda kufika, munthu sasiya khasu. Makina akowo sawadziwa a Mateus. Abwana ako sawadziwanso. Wowadziwa mu ofesimo ndiwe wekha. Moisés sanasiye sukulu kuti iwe ukakongoletse mpando.”

“Ndamva, azakhali. Chapa indisiya.”

“Kumva wamva. Koma ukanene.”

Guilhermina anatola chikwama n'kuthamangira kumsewu kukakwera chapayo, minibasi yopita kutauni.

3. Funso la kompyuta

Mayina anafika dzuwa litapendeka. A Reginaldo analowa akupukuta khosi ndi mpango, n'kuponya pa tebulo fulashi, kachipangizo kosungiramo zolemba za m'kompyuta.

“Amuna zana limodzi ndi makumi anayi, menina. Mauthenga awo achoke lero lomwe. Lachisanu basi zinyamuka pano kupita nawo kuchipatala kukayezedwa. Wosafika, kampani simuitananso mpaka chaka chitatha.”

Dzina la Moisés linalimo, pakati pa mndandanda. Guilhermina sanalione, chifukwa a Reginaldo anaima kumbuyo kwake, dzanja pa mpando, akumufulumizitsa.

Analemba uthenga: wakutiwakuti, mwasankhidwa, Lachisanu nthawi ya sete, seveni koloko m'mawa, mufike ku ofesi ndi chitupa chanu. Kenako anatsanulira mayina onse m'kompyuta.

Pamenepo panatuluka kabokosi pakati pa galasi. Kankati mayina makumi awiri ali ndi manambala amene alembedwa kale pa mayina ena. Kankafunsa ngati obwerezawo achotsedwe. Pansi pake panali mawu awiri, Sim ndi Não, inde ndi ayi.

Sónia, mlembi wa mu ofesimo, anakoka mpando wake kudzasuzumira.

“Anthu a kumapiri awo,” anatero. “Munthu mmodzi kulembetsa kasanu. Akuyesa ndi mpikisano wa mwayi.”

“Ndinawaona ine,” anatero a Reginaldo. “Abwera ndi chipewa, ndi João. Abweranso atavula chipewa, ndi Pedro. Chotsa, menina. Kredito ya foni simera m'munda.”

Guilhermina anagwira mbewa ya kompyuta koma sanadine.

“Shefi, mwina ndi anthu osiyana.”

“Osiyana bwanji nambala ili imodzi?”

“Mwina foni amabwerekana.”

“Anthu asanu foni imodzi? Amaidula pakati?”

Sónia anaseka, kenako anamuyang'ana Guilhermina kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ukuwadziwa bwino chotere bwanji, Mina? Kapena ndi abale ako? Paja ndimaona ine, akatumba akowo ndi okwera phiri. Usatiuze kuti unabwera pamwamba pa matumba a kachewere.”

A Reginaldo anaseka. Guilhermina anasekanso.

“Ine? Kumeneko sindinapondeko n'komwe.”

Anadina Sim.

Kompyuta inasunga dzina loyamba pa nambala iliyonse n'kuchotsa otsatira. Pa nambala ya a Mateus kampani inali itasankha amuna asanu. Linatsala dzina limodzi, la Inocêncio.

Kanyali ka modemu kanayamba kuphethira. A Reginaldo anasolola fulashi yawo, n'kuiika m'thumba la malaya, n'kupita kukamwa chozizira. Sónia anabwerera ku tebulo lake.

Apo m'pamene Guilhermina anafufuza dzina la mchimwene wake pa mndandanda wotsalawo. Silinapezeke. Anafufuzanso kachiwiri. Kenako anatseka mndandanda n'kuyang'ana kanyali kaja mpaka uthenga womaliza utapita.

4. Lachinayi

Madzulo amenewo azakhali anamuchingamira ndi funso asanavule n'komwe nsapato.

“Mayina atuluka?”

“Atuluka. La achimwene mulibe.”

“Waona ndi maso ako?”

“Ndafufuza kawiri.”

“Nanga za nambala unanena?”

“Ndinanena.”

A Felícia anatulutsa foni m'kansalu kamene ankaimangamo n'kuimbira a Mateus. Analankhula mwachidule monga mwa chizolowezi chawo. Atamaliza anakhala pa thumba la kachewere.

“Akuti wafika umodzi, wa Inocêncio. Mwa amuna asanu ndi anayi, mmodzi. Inocêncio yemwe amapuma katatu asanamalize mzere umodzi.”

Guilhermina anayamba kutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

“Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi,” anatero azakhali, “koma ndagulitsa pa msika zaka makumi awiri. Thumba likapepuka ndimadziwa ndisanaliike pa sikelo. Yankho lakoli lapepuka. Sindikukakamiza. Ndingokuuza kuti kuchoka kwathu kufika kuno ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo lole ya kachewere imanyamuka masana. Ngati pali china chimene chinatsalira m'makina akowo, mawa m'mawa chikhoza kukonzeka. Likafika dzuwa pamutu, chatha. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Ine ndinagulitsapo thumba la mbewu ndikuyesa la kudya, ndipo ndinayenda wapansi mpaka ku Canongola kukalibweza. Anandiseka msika wonse. Kusekako kunatha Loweruka lomwelo, koma mbewu inadzalidwa.”

“Palibe chatsalira, azakhali.”

“Chabwino.”

Lachinayi m'mawa a Reginaldo anafika ndi uthenga wa sitolo ya simenti, woti upite kwa anthu mazana atatu. Pofufuza cholembera m'thumba anatulutsa fulashi ija n'kuisiya pa tebulo, pafupi ndi dzanja la Guilhermina. Anatuluka kupita ku banki.

M'fulashimo munali mayina onse, osachotsa ndi limodzi lomwe. Kuitsegula inali ntchito ya mphindi imodzi. Kutumiza mauthenga makumi awiri inali ntchito ya mphindi zisanu. Koma kredito ikanachepa, a Reginaldo akanafunsa, ndipo Sónia anali pomwepo, akudya chitumbuwa, maso ali pa galasi la mnzake.

“Watani, Mina? Ukuyang'ana fulashi ngati ili ndi mano.”

“Palibe.”

Anatumiza za simenti. Anthu mazana atatu anamva kuti simenti yafika. Dzuwa linafika pamutu, a Reginaldo anabwera n'kutenga fulashi yawo.

5. Dzina liitanidwa katatu

Lachisanu Guilhermina anafika ku ofesi kusanatenthe. Basi ziwiri zinaima pamsewu. Amuna oitanidwa anafola mzere, zitupa m'manja. Kuseri kwa mpanda kunali gulu lina, la amene sanaitanidwe koma ankabwera tsiku lililonse kudzadikira malo a wosafika.

Woitana mayina anali Dona Anabela, mayi wa ku kampani, wochokera ku Maputo. Iye anali ndi mndandanda wake papepala, wa mayina onse zana limodzi ndi makumi anayi. Dzina lililonse ankalitchula katatu. Likapanda kuyankhidwa ankalidula ndi cholembera chofiira, a Reginaldo n'kukodola mmodzi wa kumpanda.

Guilhermina anaima pakhomo atanyamula mabotolo a madzi.

“Moisés Bonifácio.”

Palibe anayankha.

“Moisés Bonifácio.”

Mu mzere munakwezeka dzanja. Anali Inocêncio, atavala jekete la ukwati pa kutentha konseko. Analankhula m'Chinyanja.

“Pepani, amayi. Moisés ali konkuno. Tabwera limodzi pa lole, akutsitsa matumba pa msika ku Matundo. Iye uthenga sanalandire.”

“Akuti chiyani?” anafunsa Dona Anabela.

A Reginaldo anamva bwinobwino. “Akuti mnzakeyo anasintha maganizo.”

“Moisés Bonifácio,” anatero Dona Anabela kachitatu.

Guilhermina anaika mabotolo pansi. “Dona Anabela…”

“Menina,” anatero a Reginaldo, “lowa ukayatse kompyuta.”

Cholembera chofiira chinadutsa pa dzinalo. Mwamuna wina wa kumpanda analowa akumwetulira. Guilhermina analowa mu ofesi.

Ali m'katimo anatulutsa foni yake n'kuimbira azakhali. Ananong'ona.

“Achimwene ali pamenepo? Auzeni athamange. Dzina lawo lilipo.”

 Azakhali anadula foni nthawi yomweyo.

Moisés anakwera chapa, koma pa mlatho panali mzere wa malole a zitsulo za ku migodi, akuwoloka imodziimodzi. Anatsika n'kuwoloka Zambezi wapansi, akuthamanga. Anafika ku Francisco Manyanga fumbi la basi litakhazikika kale.

Pa chitseko cha ofesi anali atamatapo pepala la mayina. Moisés anayendetsa chala mpaka anapeza lake, litadulidwa ndi cholembera chofiira. Anaima pamenepo nthawi, akupuma mwamphamvu. Kenako anavula chipewa, anapukuta mapazi pa chiguduli, n'kulowa. Malaya ake anali ofiira ndi dothi la kachewere.

“Achemwali,” anatero, “mwandiitana. Ndafika.”

Sónia anasiya kulemba. A Reginaldo anatembenuka.

“Ameneyu ndani, menina?”

Guilhermina anaimirira. Anayankha funsolo m'Chipwitikizi, kuti ndi mchimwene wake, mimba imodzi. Kenako anatembenukira kwa Moisés n'kulankhula Chinyanja, koyamba m'chipinda chimenecho.

“Basi zapita, achimwene.”

“Ndaona. Ndaonanso chofiiracho.” Anapinda chipewa m'manja. “Ndingofunsa, kuti ndikawauze a Mateus. Uthenga wanga unasochera pati?”

“Sunasochere. Sunatumizidwe.”

“Makina anawonongeka?”

“Makina anandifunsa. Ndinachotsa ndine.”

Moisés anayang'ana kompyuta, kenako modemu, imene kanyali kake kankaphethirabe. Sanakweze mawu.

“Kanthu kake ndi kameneka?”

“Eya.”

“N'kakang'ono.” Anagwedeza mutu. “A Mateus anakhala ndi foni m'manja Lachitatu mpaka dzuwa kulowa. Lachinayi anakana kupita kumaliro kwa apongozi awo, ati mwina wina ufika. Ankatiuza kuti mauthenga enawo achedwa pa mlatho, paja ku Tete kuli mzere.”

Sónia anafuna kuseka, koma anabweza.

“Achimwene, ndikanatha…”

“Matumba sindinathe kutsitsa,” anatero Moisés. “Mwini lole akudikira.” Anawerama pang'ono kwa a Reginaldo monga amachitira munthu wolowa mu ofesi ya eni, anavala chipewa, n'kutuluka.

6. Pepala la a Reginaldo

Masana foni ya a Reginaldo inalira. Analankhula panja, akuyendayenda. Atalowa anatuma Sónia kukagula madzi, n'kutseka chitseko.

“Dona Anabela wadabwa. Akuti anthu makumi awiri sangasowe tsiku limodzi, onse a ku Tsangano ndi ku Angónia. Lolemba abwera kudzaona m'kompyuta ngati mauthenga awo anapita.”

Analemba mayina makumi awiri aja papepala n'kuliika patsogolo pake.

“Uwalowetse m'kaundula wa mauthenga opita, ndi tsiku la Lachitatu. Ukudziwa kachitidwe kake.”

“Koma sanapite, shefi.”

“Iwenso sunabadwire ku Matundo, koma wakhala ukubadwirako miyezi isanu ndi umodzi. Si ntchito yachilendo kwa iwe.” Anatsegula chitseko. “Wodina Sim sindine. Ukakana, kunja kuli atsikana khumi odziwa kompyuta, ndipo Dona Anabela ndimuuza dzanja limene linachotsa.”

Guilhermina anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama.

Atafika ku Matundo anapeza msika ukutsekedwa. Lole inali itabwerera kale ku Tsangano, Moisés ali pamwamba pa matumba opanda kanthu. Pakhonde anali atasiya kathumba ka mapichesi, kamene anabweretsera mlongo wake kuchokera kumudzi.

Guilhermina atakaona anakhala pansi n'kuyamba kulira.

“Misozi usunge, madzi akudula kale,” anatero azakhali. “Ndiuze zonse, kuyambira Lachitatu. Osakongoletsa.”

Anawauza. Za kabokosi, za akatumba okwera phiri, za fulashi imene inakhala pafupi ndi dzanja lake m'mawa wonse wa Lachinayi. Pomaliza anatulutsa pepala lija.

A Felícia analitalikitsa ndi maso n'kuyamba kuwerenga ndi chala, dzina ndi dzina, milomo ikugwedera. Ena ankawadziwa.

“Uyu ndi mwana wa a katekisita. Uyu mkazi wake ali ndi pakati. Uyu anagulitsa njinga kuti akajambulitse chitupa ku boma.” Anatsitsa pepala. “Iwe ukulira mmodzi chifukwa ndi wako. Pano alipo makumi awiri. Onsewa kampani yawalemba kuti ndi amuna oitanidwa osabwera, aulesi a kumapiri, ndipo chaka chamawa aliyense wochokera kwathu adzanyamula dzina limenelo. Sónia anakuseka mphindi imodzi. Pofuna kuthawa mphindi imeneyo wawadyera anthuwa chaka. Tsopano abwana ako akuti ulembe kuti wolakwa ndi a Mateus ndi foni yawo. Ukalemba, ntchito ikhala yako, mpando ukhala wako. Koma Khirisimasi ino upeze kwina kokadyera, chifukwa njira ya kumudzi imadutsa pa golosale.”

“Ndikakana andichotsa, azakhali.”

“Akhoza.”

“Ndiye nditani?”

“Funso limenelo kompyuta inakufunsa kale, ndipo unayankha wekha. Ili uyankhanso wekha.” Anabweza pepalalo m'manja mwake. “Mayi wa ku Maputoyo afika nthawi yanji?”

“Nove, naini koloko m'mawa.”

A Felícia analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitenje chawo chatsopano, chimene ankasungira maukwati, n'kuchiyanika pa chingwe kuti makwinya achoke.

“Lolemba msika utsegula popanda ine,” anatero. “Ndikufuna ndikaone kanthu konga chala kamene kamameza amuna makumi awiri. Sindikalankhula. Ndikangokhala pa mpando pafupi nawe, ndi kuona chimene ukadine.”